A Ndondomeko ndi Timabokosi Tawo ta Intaneti

Kuntchito ankawatcha a Ndondomeko, ndipo dzinalo linawatsatira ngakhale atapuma. Moyo wawo wonse m'boma unathera poonetsetsa kuti aliyense akugogoda pakhomo loyenera. Anachokako ndi chizolowezi chimodzi: akamalankhula pa foni sakhala pansi, amayendayenda ngati akuyendera maofesi.

Nyumba yawo ndi yaitali, yomangidwa mowonjezerawonjezera, choncho rauta imodzi, kabokosi kofalitsa intaneti, sinkafika m'zipinda zonse. Anagula titatu, ndipo kalikonse anakapatsa dzina lake ndi pasiwedi yake: Likulu pabalaza, Nthambi mukorido, Chigawo kuchipinda. Foni yawo ikagwira Likulu inkakakamira pomwepo mpaka mawu athe, kenaka n'kuyamba kufunafuna kwina.

Mayi wina wokonza intaneti anawalangiza. "Bambo, timabokositi tilumikize ndi waya, tikhale ndi dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi. Foni izingodutsa osadziwa kuti yasintha."

"Maofesi atatu, dzina limodzi? Nanga zikavuta tidzafunsa ndani?"

"Mudzafunsa ine."

"Inu si ofesi, mayi."

Zinathera pomwepo.

A Ndondomeko ali ndi mwana wamwamuna amene anachoka pakhomo atakangana nawo chifukwa cha mkazi amene iye anakwatira, ndipo kwa zaka zambiri sanaimbeko. Tsiku lina masana anaimba kudzera pa intaneti. Bambo anayankhira pabalaza, nadzuka mwachizolowezi. Pamene mwanayo amati, "Ababa, ndimafuna tikambirane," n'kuti iwo akulowa mukorido. Foni inaduka.

Anamuimbira, koma mwanayo sanayankhe. Anangotumizira mayi ake uthenga wakuti, "Andidulira. Basi, zikomo."

"Sindinamudulire ine," anatero a Ndondomeko. "Ndi nkhani ya malire."

"Malire ake ati, m'nyumba mwanu momwe?" anafunsa akazi awo. "Mwana mwamuthamangitsa kawiri, koyamba ndi pakamwa, lero ndi miyendo."

Mayi wa intaneti uja anaitanidwanso. A Ndondomeko anamudziwitsa kuti, pambuyo pounika mozama, aganiza zophatikiza nthambi zonse. Mayiyo anangoti, "Mwaganiza bwino, bwana," nakwera pampando kukhomerera waya. Atamaliza anawaimbira poyesa, iwo nayenda nyumba yonse akubwereza kuti, "Mukundimva? Panonso mukundimva?"

Ntchito yonyengerera mwana anaigwira akazi awo, ndipo sinali yaing'ono.

Mwana ataimbanso, a Ndondomeko anadzuka. Anadutsa pabalaza, mukorido, kuchipinda, mpaka kuseri koyanika zovala. Foni sinaduke paliponse. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anamvetsera dandaulo la munthu kuyambira poyamba mpaka pomaliza popanda kumutumiza kwina. Atafika pampanda, kopita kunatha, ndipo mwana nayenso anali atamaliza, akudikira yankho.

A Ndondomeko anakhosomola pang'ono.

"Apongozi anga, akazi akowo, ali pafupi?" anafunsa. "Tawapatsa foniyo ndiwalonjere."