Tsiku Limene Bedi Linatuluka Kuchipinda

Ine ine, ndinaona zinthu m'dziko la eni! Ndinabwera ku Indiana kudzangoona ana. Ndinkati ndidzadye, ndidzagone, ndinenepeko pang'ono, ndibwerere kwathu. Koma Mulungu anali atandisungira ntchito.

Ana anga aakazi kuno alipo awiri. Wamkulu amakhala ku Lawrence, m'mphepete mwa Indianapolis, ndi amuna ake, ndipo ine ndinafikira kwa iwowo. Wamng'ono ankakhala ku South Bend, yekha ndi kamwana kake kakakazi, mdzukulu wanga, kolankhulalankhula ngati wailesi. Tsiku lina wamng'onoyo anagwa ali kuntchito. Mutu. Anamugoneka m'chipatala, osayankhula, osadzuka. Bambo ake a mwanayo, musandifunse, sitidziwa kumene anamera mizu. Pamene ife timafika, a boma osamalira ana anali atamutenga kale mdzukulu wanga n'kumupereka kubanja lina. Anthu abwino ndithu, sindingawanamizire. Koma sanali ife.

Kwathu mwana akasowa mayi umangowerama, n'kumuponya kumsana, n'kumanga nsalu, basi nkhani yatha. Kuno ayi. Kuno nyumba iyenera kupatsidwa layisensi kuti ilere mwana, ngakhale mwanayo ndi magazi ako. Loweruka lililonse mwana wanga wamkulu uja ankadrayiva msewu wautali uja wa minda yokhayokha kuti tikamuone. Pochoka, kamwanako kankagwira chitenje changa n'kumafunsa m'Chingerezi. Ine Chingerezi sindimva, koma funso limenelo ndinkalimva bwinobwino. Ankati ndipita nanu liti.

Kenako kunabwera mayi wina wa boma kudzayendera nyumba, wamtali, wa tsitsi lofiira, nsapato zake zazikulu ngati za asilikali. Anatsegula makabati, anaona pamene timaika mankhwala, anayesa madzi a kubafa ndi dzanja. Zonse bwino, zonse bwino. Ndiye anafunsa ngati m'nyumbamo muli mfuti.

Mfuti inalimo. Akamwini anga ankapita ndi anzawo a kuntchito kukasaka agwape nyengo yozizira ikamayamba, ndipo nyamayo ineyo ndinkadya mpaka kunyambita zala. Mfutiyo inali m'chikwama chake, pansi pa bedi.

Mayi uja anapukusa mutu. Mwana wanga ankandimasulira: mfuti ilowe m'kabati yachitsulo ya loko, zipolopolo zikhale kwina, nazonso pa loko, ndipo kabatiyo imangidwe kukhoma ndi mabawuti kuti mwana akaikoka isamugwere. Popanda zimenezo layisensi palibe, ndipo mdzukulu wanga akhalabe kwa eni.

"Kaitayeni mumtsinje!" ndinatero ine.

"Amayi, mfuti satayira mumtsinje ngati mphika wobooka," anatero mwana wanga. "Agula kabati, nkhani itha."

Kabatiyo inabwera, yobiriwira, yaitali kufika m'phewa mwanga. Malo ake anati ndi kuchipinda kwawo, pakona, chifukwa chitseko cha kumeneko n'chokhacho chinali ndi kiyi.

Tsono ndikuuzeni za ine ndi akamwini anga. Timalemekezana, eee, timalemekezana kwambiri. Sitinadyerepo mbale imodzi. Tikakumana pakanjira kopapatiza ka m'nyumba, ine ndimatembenukira kukhoma, iwo amadutsa chowerama. Kuchipinda kwawo phazi langa linali lisanapondeko, ngakhale kusuzumira. Mwana wanga ankaseka, amvekere, "Amayi, kuno ndi ku Amerika." Ine ndinkati, "Amerika yakoyo inakwatira mwana wa ndani?"

Tsikulo linabwera mosatiuza. M'mawa mayi wa boma anaimba foni kuti afika masana omwewo, chifukwa mawa lake sinowo, madzi oundana aja ogwa ngati ufa, idzatseka misewu, ndipo akalephera adzabwera patapita nthawi yaitali. Mwana wanga anali pa shifiti kuchipatala kumene amagwira ntchito. M'nyumba tinalimo awiri, ine ndi akamwini anga.

Ine ndinali kukhitchini, ndikumva chiboolero chikulira kuchipinda, trrr, trrr, trrr. Mtima unkavina. Kenako zii. Kenako phuu! Nyumba yonse inanjenjemera, masupuni anayimba m'dirowa.

Ndinathamanga n'kukaima pakhomo la chipinda, nkhope kumbali.

"Bambo, muli moyo?"

"Ndili moyo, Amayi. Lafa ndi khoma."

Makoma a kuno, abale anga, si makoma. Kwathu ukakhoma msomali pa njerwa, msomaliwo adzaupeza adzukulu. Kuno ndi chikatoni chopaka penti, mkati mwake mphepo yokhayokha. Iwo anali atamanga mabawuti pachikatonipo, ndipo atangoyesa kukoka, kabati inabwera nalo khoma lake.

Ndinawamva akugogoda, go go go, akusakasaka matabwa amene amaimirira mkati mwa khomamo. Anawapeza, n'kulemba ndi pensulo. Koma vuto lina: kapeti yofewa ndi kathabwa ka m'munsi mwa khoma zinkachititsa kabatiyo kuweramira kutsogolo. Pankafunika munthu woikankha mwamphamvu kuti igundane ndi khoma, iwo akuboola ali mkati. Anaimbira anzawo a kutchalitchi. Wina anali pa shifiti. Wina galimoto yake inali itakana kudzuka ku Beech Grove.

Ndinamva akutsokomola kuseri kwa chitseko.

"Amayi, pepani kwambiri. Ndikupempha manja anu."

"Manja anga awa, tengani. Koma miyendo yanga silowa mmenemo."

"Amayi, mzungu uja ali panjira."

"Ndi chipinda chanu, Bambo! Anthu kwathu akamva, ndidzayang'ana kuti? Mukufuna ndife ndi manyazi m'dziko la eni?"

Ndinamva mapazi awo akubwerera mkati mwa chipinda. Ine ndinakhala pansi pakanjirapo, miyendo tambalala. Mtima wina ukuti lowa, mtima wina ukuti amayi ako anakulera bwanji. M'maganizo ndinaona timanja ta mdzukulu wanga tija tikugwira chitenje changa. Misozi inangoti mbwee, ine osadziwa kuti ndipite kutsogolo kapena kumbuyo.

Kenako ndinamva khwee, khwee, khwee. Chitseko chinatseguka, kunatuluka matiresi, chiimirire ngati ng'ombe yokana kulowa m'khola. Ndinathawira kukhitchini. Kunatuluka mabulangete. Kunatuluka mapilo. Kunatuluka zitsulo za bedi, china pambuyo pa chinzake, ngwee ngwee. Kunatuluka basiketi ya zovala, ngakhale chithunzi cha ukwati wawo chinatuluka. Akamwini anga anaima pakhomo, thukuta kamukamu, fumbi loyera m'tsitsi ngati nkhalamba.

"Amayi, tasuzumirani. Muno mulibe bedi. Muno simugona munthu. Muno ndi m'galaja."

Ndinasuzumira ndi diso limodzi. Makoma anayi, zenera, kabati, ndi chibowo pakhoma. Zoonadi, munthu angagone pati mmenemo?

"Galaja yake yokongola bwanji," ndinatero.

"Tinaipaka penti chaka chatha, Amayi."

Ndinamanga chitenje cholimba m'chiuno. Ndinalowa chafutambuyo, maso kudenga, ndikuimba nyimbo yanga yopeka pomwepo: ndalowa ine, ndalowa m'galaja, musandinene, ndalowa m'galaja! Ndinatsamiritsa msana pambali pa kabatiyo, phewa kutsogolo kwake, zidendene ndinazika mu kapeti, n'kukankha monga tinkakankhira ngolo ikatitimira m'matope. Iwo analowetsa mutu mkati mwa kabati, ndipo zinandithandiza, chifukwa mkamwini wopanda mutu sachititsa manyazi kwenikweni.

"Kankhani, Amayi!"

"Ndikukankha, Bambo! Boolani msanga, msana uno ndi wakale!"

Chiboolero chinalira, mano anga onse anavina m'kamwa. Koma ulendo uno kulira kwake kunali kwina, kolemera, kwa chitsulo cholowa mu thabwa lenileni. Bawuti woyamba, gwa. Wina, gwa. Ena m'munsi, gwa, gwa. Anamanga ndi sipanala mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka.

"Tsopano ikokeni, Amayi, ngati mukulimbana nayo."

Ndinaikoka. Ndinailendewera. Ndinaitukwana pang'ono. Inangoti nji, ngati inamera pomwepo. Mfuti inalowa, loko kwaa. Zipolopolo anaziika m'kabokosi kena kachitsulo, n'kukakhomera pamwamba m'kabati ya panjira. Makiyi analowa m'thumba mwawo. Ine ndinatuluka msangamsanga, galaja isanasandukenso chipinda.

Bedi linalibe nthawi yobwerera. Belu linalira, mayi wa tsitsi lofiira analowa, n'kupeza matiresi atatseka njira. Anadutsa chammbali, chikwama pamutu. Ndinamva akufunsa, akamwini anga akufotokoza m'Chingerezi, akuloza ine, akuloza bedi. Mayiyo anayamba kuseka, anaseka mpaka kugwira khoma, ine ndikuti mumtima, gwirani bwino mayi, khomalo ndi katoni. Atatha anapukuta maso n'kulowa. Ndinamva akugwedeza kabati, akuikoka, akuyesa loko. Anafunsa za zipolopolo, anamuonetsa. Potuluka anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri, n'kugwedeza mutu. Kugwedeza kumeneko sikunafune womasulira.

Chitseko chitatsekeka ndinalulutira, lululululu, mpaka galu wa aneba anayankha.

Layisensi inatuluka sinowo isanasungunuke. Tinapita ku South Bend tonse atatu. Anthu aja anatipatsa mwana ndi zidole zake m'chikwama, mayi wa pakhomopo akulira, nanenso ndinamulirira, pakuti anamusunga bwino. Tinadzera kuchipatala. Mdzukulu wanga anakwera pabedi la amayi ake n'kuwanong'oneza kuti akupita kwa agogo, ndipo zala za mwana wanga wodwalayo zinayenda pang'onopang'ono mpaka zinagwira kadzanja kake.

Pobwerera ndinakhala naye kumbuyo, iye atamangidwa m'kampando kake. Nditamuvula chipewa ndinaona tsitsi. Mayo ine, tsitsi! Anthu abwino aja analisambitsa ndithu, koma kulipesa kunawakanika, linali litapotana ngati chisa cha mpheta. Ndinatulutsa chipeso ndi mafuta m'chikwama changa, n'kuyamba kumasula pang'onopang'ono, kuyambira kunsonga. Iye ankadandaula m'Chingerezi, ine ndikuyankha m'Chichewa, akamwini anga akudrayiva mosamala kuti dzanja langa lisaphonye mzere. Pamene tinkaona nyumba zazitali za Indianapolis, mbali imodzi ya mutu inali italukidwa, iye ali mtulo, kamutu kali m'dzanja langa.