Yesi Madamu

Lachisanu masana, ndikapatsidwa ofu kunyumba ya abwana ku Al Markhiya, ndinkakwera sitima ya metro kupita ku Al Sadd kwa mayi ena akwathu ogwira ntchito muhotela. Ndinkapita kukacheza, komanso kukaimbira mwana wanga wamkazi amene ndinamusiya ndi mchemwali wanga ku Dedza. Mantha anga anali amodzi basi, oti mwanayo adzandiiwala.

Mayi amenewa ndi amene anandizoloweza mafilimu achitchaina, aja a m'nyumba za mafumu akale. Tinkatsamiritsa foni pabotolo la mafuta ophikira, n'kumalimbana ndi Chingerezi cholembedwa m'munsi chisanathawe.

Mufilimu ina munali mtsikana wantchito. Polowa m'nyumba ya mfumu anali wolongolola, woseka chikhakhali, woyenda mwamgugu. Pang'ono ndi pang'ono anaphunzira kugwada, kupereka tiyi ndi manja awiri, kuyankha maso ali pansi. Wokonza filimuyo anali ndi kachitidwe kakekake. Mfumukazi ikamakalipa, kamera sinkaloza mfumukaziyo ayi, inkangokhala pamanja a mtsikanayo. Koyambirira kapu inkanjenjemera mpaka tiyi kutayikira. Pofika kumapeto, kaya akalipe bwanji, manja aja anali zii.

"Wakula mwanayu," ndinatero, ndipo ndinkamusiriradi.

Mayi aja anapukusa mutu. "Kukula kwake kuti? Mwamumva liti akuseka?"

Ine pakamwa sindichedwa. Ndinati iwo akulankhula choncho poti amagwira muhotela, sakhala ndi madamu khomo limodzi. Kwa eni kulibe mkuwe, ndinatero, munthu umaphunzira kumeza mawu kuti ntchito ikhalitse. Iwo anangondithirira tiyi wina.

Tili mkati mwa filimu foni inalira, nkhope ya mwana wanga n'kutulukira, atayasamula kukamwa.

"Amayi! Taonani, dzino langa laguluka!"

"Yesi madamu," ndinayankha.

Zinangotuluka zokha, ndi kamawu kapansipansi kamene ndinkayankhira abwana, mutu utawerama kale. Mayi aja sanaseke. Mwana anatseka pakamwa, n'kuyandikitsa nkhope pafoni ngati akufuna kuona bwino amene akulankhula naye.

"Amayi, ndine. Mukundiopa?"

Mtima unandipweteka kwambiri, moti ndinafuna kulira, koma misozi sinabwere. Ndinayang'ana manja anga amene anagwira foni ija. Anali zii, osanjenjemera n'komwe.