Tsiku Limene a Duckworth Anapitirira Thirakitala

Kwathu kuno ku Burnley, munthu akamayenda mozengereza timati, "Wayamba za a Duckworth." Si chipongwe ayi. A Wilfred Duckworth anayendetsa galimoto yonyamula maliro kwa zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, ndipo palibe bokosi limene linagwedezekapo iwo ali pachiwongolero. Ankayenda moti ngakhale nkhalamba ya ndodo inkatsatira pambuyo ikulira bwinobwino osachita befu. Tsiku loti mawa kuli maliro ankakayendera kaye njirayo kuti adziwe makona ndi maenje ake. M'zaka zonsezo sanachedwepo kumanda, komanso sanapitirirepo galimoto ina pamsewu.

Chodabwitsa n'chakuti munthu wofatsa chonchiyu mtima wake unali pa liwiro. Chaka chilichonse mu June ankatsegula wailesi m'khitchini n'kumamvera mpikisano wa ku Le Mans, ku France, kumene galimoto zimathamanga maola makumi awiri ndi anayi osalekeza. Chinkawasowetsa mtendere ndi msewu umodzi wowongoka wopita kumudzi wa Mulsanne. Masiku onse ndi msewu wa aliyense, mumadutsa malole ndi amayi opita kumsika. Koma sabata ya mpikisano amautseka, ndipo mumadutsa galimoto pa mamailosi mazana awiri pa ola. "Phula lomwelo, Enid," ankatero kwa akazi awo. "Lomwelo ndithu!"

Atakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi, maso anayamba kuchita chifunga. Dokotala anawauza kuti akabwerenso mu August, ndipo zikakhala mmene iye akuganizira, nkhani yoyendetsa galimoto ikathera pomwepo. A Wilfred sanadandaule. Anangogula mapu aakulu, n'kuwayala patebulo lodyera, n'kunena kuti akufuna akayendetse pamsewu uja asanalandidwe laisensi. Kwa masabata atatu banjalo linkadyera pamiyendo.

Vuto linali pa nyanja imene ili pakati pa dziko lathu ndi France. Njira zoolokera zinali ziwiri, ndipo anaitana Clive Holroyd wa kubutchala, amene anapitako ku mpikisanowo kakhumi ndi kamodzi, kuti adzawathandize nzeru.

"Akulu, musadzivute," anatero Clive akudya bisiketi yachitatu. "Dzerani ku Dover. Ola limodzi ndi theka pamadzi. Tiyi asanazizire mwafika ku Calais."

"Nanga kuchoka ku Calais?"

"Maola asanu pamsewu. Kwa inuyo tinene masiku awiri."

"Maola asanu akuyenda kumanja kwa msewu ngati mmene amayendera ku France?" a Enid analowererapo. "Inu a Clive, mukufuna kundisandutsa namfedwa eti? Bwezani bisiketi yangayo."

Njira inayo inali ya ku Portsmouth kukatsikira ku Caen: maola asanu ndi limodzi pamadzi, kenako maola awiri ndi theka pamsewu. A Wilfred anali asanakwerepo ngakhale timaboti ta padziwe la ku paki. Chinkawaopsa si kumira kwenikweni. Chinali chakuti nyanja sangakaiyendere kaye. Ankaloza pabuluu pa mapuwo n'kumafunsa kuti njira yopanda kona, yopanda chikwangwani, munthu amaidziwa bwanji.

Tsiku lina m'mawa anapinda mapu aja. "Tidzera ku Portsmouth," anatero. "Pamadzipo woyendetsa ndi wina. Maso atsalawa ndiwasungire msewu uja."

Clive anawachenjeza chinthu chimodzi, kuti msewuwo adzautseka Lachitatu 12 koloko masana, ndipo akadzachedwa ndi mphindi imodzi yokha adzauonera kuseri kwa mpanda.

Lachiwiri m'mawa anali padoko. Sitimayo inali yaitali kuposa tchalitchi chathu, ndipo itatsegula kukamwa inameza malole, mabasi ndi galimoto mazanamazana, zina zokongoletsedwa ndi mbendera, zodzaza matenti ndi makireti a mowa. Kagalimoto kawo kabuluu kanalowa komaliza, pang'onopang'ono. A Enid anakakhala mkati ndi zoluka zawo mpaka kugona, koma a Wilfred anaima panja atagwiritsa chitsulo ndi manja onse awiri. Anaona dziko lawo likuchepa mpaka kuzimirira. Kenako kunangotsala madzi, kutsogolo, kumbuyo, mbali zonse, madzi osatha. Munthu amene ankati dziko amalidziwa chifukwa anafika kumanda onse a m'chigawo chathu anazindikira kuti sanaone kanthu. Anavula chipewa n'kuima pomwepo maola onsewo, ndipo zimene ankalengeza mkatimo sanazimve.

Anagona panyumba ya alendo pafupi ndi Caen. M'mawa ananyamuka wotchi yawo ikunena 8 koloko, a Enid atamanga kansalu kofiira kudzanja lamanja la chiwongolero kuti bamboyo asaiwale mbali yoyendera. Anasankha timisewu ta m'midzi. Nthawi inalipo yambiri, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pamudzi wina anaima kuti agule buledi. Ali m'sitolomo, belu la tchalitchi linayamba kulira, ndipo a Wilfred anawerenga mwachizolowezi. Linalira kakhumi ndi kamodzi.

"Belu lawoli lasokonezeka," anatero akuyang'ana wotchi yawo, imene inkanena 10 koloko.

A Enid anayang'ana wotchi ya pakhoma, n'kuyang'ananso ya padzanja la mayi wogulitsayo, n'kugwira pakamwa. "Bambo inu! Kuno ali patsogolo ndi ola lathunthu!"

Zimenezo Clive sananene, poti amati aliyense amadziwa. Kunatsala ola limodzi ndi mamailosi makumi atatu. Buledi uja anamusiya pakauntala atalipira kale.

A Wilfred anaponda moto mmene sanapondereko chibadwire, ndipo zinkaoneka ngati zitheka, mpaka anapeza thirakitala ikukoka ngolo ya udzu, ikuyenda ndendende ngati mmene iwo ankayendera ndi maliro. Msewu unali wopapatiza. Galimoto zathu chiwongolero chili kumanja, ndiye ukamayenda kumanja kwa msewu woyendetsa amakhala kumbali ya ngalande. A Wilfred ankangoona udzu. Amene ankaona kutsogolo anali a Enid, amene anakhala kumbali ya pakati pa msewu. Mphindi khumi zinatha ali pambuyo pa udzuwo.

"Enid," anatero a Wilfred, "mukuonako chiyani?"

"Lole. Dikirani."

Lole inadutsa ndi chimphepo.

"Ina yoyera. Dikiranibe. Eya, tsopano! Pitani!"

"Mwatsimikiza?"

"Wilfred Duckworth, zaka makumi asanu zonsezi ndinakunamizanipo? Pondani, madala inu!"

A Wilfred anakhotetsa chiwongolero kulowa kumene sankakuona, atangodalira mawu a akazi awo. Kagalimoto kanalira ngati kakulapa machimo. Udzu unadutsa, matayala aakulu anadutsa, ndipo mlimi wa pathirakitala anawakwezera dzanja osadziwa kuti waona chinthu chimene ife a ku Burnley sitinachionepo. A Enid anaseka mpaka misozi, akumenya bondo la amuna awo.

Anafika kutatsala mphindi zisanu ndi imodzi. Wapolisi anali atayamba kale kukoka chotchingira. Anayang'ana nambala ya galimotoyo, n'kuyang'ana mitu iwiri ya imvi ili mkatimo, n'kubweza chotchingiracho pang'ono.

Msewuwo unangoti tantha patsogolo pawo, wowongoka mpaka kumene maso amalekezera. Mbali zonse kunali mipanda yachitsulo yosanjikizana katatu, ndipo kuseri kwake mitengo italiitali itaima chilili. Paphulapo panali mizere yakuda yosiyidwa ndi matayala. Munalibe galimoto ina iliyonse, poti onse anali atatuluka kale. Zaka makumi anayi a Wilfred ankaumva msewu umenewu m'kabokosi ka pafupi ndi ketulo, ndipo lero unali pansi pa matayala awo, weniweni, wogwirika. Anaponda mpaka muvi wa liwiro unafika pa mamailosi makumi asanu ndi asanu pa ola, ndipo kwa iwo kunali kuuluka. Misozi inkatsika osaipukuta chifukwa manja onse anali pachiwongolero. Zonsezo zinatha m'mphindi zinayi.

Ku Mulsanne anaimika galimoto pakapinga, pakati pa matenti ndi utsi wa nyama yootcha. A Wilfred anazimitsa injini. Kenako anazula kiyi n'kuiika m'dzanja la akazi awo.

"Pobwerera muyendetsa ndinu."

"Si paja dokotala anati August?"

"Enid, chichokereni ku Caen sindinawerengepo chikwangwani ngakhale chimodzi. Ndimangomvera inu."

A Enid anawayang'ana nthawi yaitali, mkwiyo ndi chisoni zikulimbana pankhope. Anatsegula chikwama chawo, n'kuponyamo kiyiyo, n'kutseka.

Chakumadzulo, dzuwa likadalipo, anaima pampanda pamodzi ndi khamu la anthu kudikira galimoto zoyamba zoyeserera. Phokoso linayambira kutali, kuseri kwa mitengo, laling'ono, kenako linakula mpaka nthaka inanjenjemera pansi pa nsapato zawo ndipo a Wilfred analimva m'nthiti. Wailesi ija inkawanamiza, sinkanena ngakhale theka lake. Chinthu china chinang'anima patsogolo pawo n'kuzimirira, n'kusiya fungo la mafuta ndi labala wopsa. Anthu anakuwa. A Wilfred anangoti kukamwa yasa, atagwira mkono wa akazi awo.

"Inali ya mtundu wanji?" anafunsa.

"Yofiira," anayankha a Enid, "ya mzere woyera pakati."

"Yofiira," anabwereza a Wilfred. Kuseri kwa mitengo kunayambanso kulira. "Ikubwera ina. Mundiuzenso."