Mtsuko Wokwiriridwa Paphiri

Nkhani ya mtsuko uja sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga. Unali mtsuko waung'ono wadothi, wofiirira, wobenthuka pamlomo. Ndaukumbukira sabata yatha pomwe mdzukulu wanga anabwera kuchokera kusukulu kuno kudera lathu la Unit O atanyamula kamtengo m'kapepala kakuda. Anakabzala pafupi ndi geti, n'kukwirira botolo lobooledwa pambali pake. Mipopi yathu imatha masiku ili youma, ndiye nditaona akuthira madzi a kumjigo m'botolomo ndinamufunsa ngati mutu wake ukuyenda bwino. Iye, monga achitira ana a masiku ano, anandiyankha m'Chishona: "Sekuru, mvura iyi ndeyemuti." Akuti madziwo ndi a mtengo. Ndinakhala pansi.

Ndinakulira kum'mwera kwa dziko lino, m'komboni ya mgodi, kumapiri a miyala kumene mvula imangodutsa osakhalitsa. Bambo anachokera ku Nyasalande kudzakumba, ndipo anamwalira ine ndili wamng'ono. Amalume ndi amene anagamula kuti pa ana awirife wamkulu azidyetsa mbuzi ndi kutunga madzi, wamng'ono apite kusukulu. Wamkuluyo ndinali ine. Sukulu ndinadzayamba ndevu zitamera kale.

Chaka china, ine ndikadali kubusa, chilimwe chinatalika. Phiri la kuseri kwa komboni linali mbee, popeza anthu anali atadula mitengo yonse ya nkhuni, ndipo mvula ikati igwe inkang'amba zigwembe mpaka m'makhonde mwathu. Aphunzitsi anati mwana aliyense wa sukulu abzale mtengo wa masau paphiripo. Pambali pa mbande iliyonse ankakwirira mtsuko mpaka m'khosi, n'kuuvundikira ndi phale. Mtsuko wadothi umatuluka thukuta, choncho madzi ankafika kumizu pang'onopang'ono, dzuwa osawapeza. Inali nzeru yabwino, lero ndikuvomereza. Koma nthawi imeneyo maso anga anali pa kachitsulo kozikidwa pafupi ndi mtengo wa mng'ono wanga, kolembedwa dzina lake ndi penti yoyera. Sindinkatha kuwerenga, koma ndinkadziwa kuti dzinalo si langa.

Nanga madziwo ankatunga ndani? Ine. Mtsinje unali mchenga wokhawokha. Ndinkafukula ndi manja mpaka dzenje lifike m'chiuno, n'kudikira kuti timadzi tamatope tisonkhane pansi. Ndikafika nawo kunyumba khosi lili gwa, amayi ankawagawa: ophikira, akumwa, ndi kachitini ka mtengo. Madzulo mng'ono wanga ankanyamula kachitiniko, malaya a sukulu atapisira, n'kukwera phiri akuimba mluzu. Lachisanu aphunzitsi ankayendera mitengo. "Uyu ndiye mlimi," ankatero, dzanja lili pamutu pake. Kunyumba amalume ankabwereza mawu omwewo. Ine anga anali ena: "Iwe, mbuzi zakozo zikangoyandikira mtengo wa mwanayu, undiona."

Mbuzi sizinayandikire. Ndinayandikira ndine. Ndinadula bango kumtsinje, ndinaboola mfundo zake ndi waya, ndipo m'mawa uliwonse popita kubusa ndinkagwada, kusuntha phale, n'kuyamwa madzi onse mpaka bango lilire pansi pa mtsuko. Anali ozizira, onunkhira dothi, okoma kuposa a kunyumba. Ndisaname kuti linali ludzu. Ndinkamwa ngakhale mimba ili yodzaza.

Masamba anayamba kupindika. Aphunzitsi anasiya kugwira mutu wa mng'ono wanga, anayamba kugwira khutu lake. Anati ndi waulesi, sathirira, ndipo mtengowo ukauma kachitsulo kaja akazula pamaso pa sukulu yonse. Mng'ono wangayo anafika kunyumba akulira, akulumbira kuti amathira tsiku lililonse. Ine tsiku limenelo ndinadya mokoma.

Amayi anakwera phiri okha kukaona. Anafukula mtsuko, anaugogoda ndi chala kuti amve ngati wang'aluka, n'kuukwiriranso. Madzulo ake anayang'ana maondo anga. Anali ndi dothi lofiira la kuphiri, chikhalirecho mbuzi ndinkadyetsa kuchigwa cha mchenga.

Kuyambira pamenepo mtengo unasiya kufota. M'mawa ndinkamwa mpaka pansi monga kale, koma pobwera kubusa ndinkapeza nthaka yozungulira mtsuko ili yonyowa. Mtima unandiwawa koposa. Ndinati basi pali wina akumuthandiza, kaya ndi aphunzitsi, poti aliyense ankakonda iyeyo.

M'masiku omwewo amayi anasiya kumwa nafe pamodzi. Chikho chawo ankachivundikira ndi mbale n'kuchiika pakona. "Ndimwa kenako," ankatero. Milomo yawo inang'ambika, mawu anasasa. Tsiku lina masana anagwa pakhomo, amayi oyandikana nawo n'kuwakokera pamthunzi. Madzulo atapezako bwino anandiitana, anandigwira masaya ndi manja awo ouma.

"Mwana wanga, madzi amene umatungawa amakukwanira?"

Ndinati amandikwanira.

"Ukamva ludzu uzindiuza ine. Wamva?"

Ndinati ndamva.

M'mawa mwake ndinatsegulira mbuzi, ndinatenga bango langa pomwe ndinkalibisa, ndinakwera phiri. Ndinagwada n'kumwa mpaka bango linalira. Kenako ndinabwezera phale bwinobwino n'kutsetsereka kutsatira mbuzi, ndikudzifunsabe kuti kodi ndani amene amamukonda mng'ono wanga chonchi.