Tsiku limene ndinati sindinamve

Achimwene, lero kuno kunja basi yopita ku tawuni ya Barking inadzaza ndi ana oyamba kumene ku yunivesite, ndipo ndinakumbukira inu. Papita chaka chitisiyireni. Paja atakupatsani kalasi yanu yoyamba, yophunzitsa kayendetsedwe ka ntchito m'mafakitale, munkaopa kuti ana sakakumvani. Munandikhazika kukhitchini, ine wolekeza Sitandade 8, kuti muyesere pa ine. Munandandalika makapu patebulo, ketulo ili imodzi, n'kumafotokoza chimene chimachititsa kuti ntchito iunjikane pamalo amodzi. Mukandifunsa ndinkangoti, "Ndamva," monga tinaleredwera. Munaseka n'kuti, "Iwe Chisomo, ulemu wakowu undichotsetsa ntchito. Anawo akakandinamiza chonchi, onse akalephera." Kenako ndinanong'ona kuti, "Sindinamve." Munaomba m'manja n'kuyambiranso, mpaka ndinaona ndekha kuti kuchulutsa makapu n'kosathandiza ngati ketulo ikuchedwa.

Panopa ndikugwira ntchito yosamalira okalamba ku Romford. Nesi akandiuza za mankhwala a munthu mothamanga, sindigwedezanso mutu, ndimamupempha abwereze. Mawu amanjenjemerabe, achimwene, koma amatuluka. Ndikanakonda mukanawamva.