Foni ya apongozi ndi madzi a Bua

Achimwene anga a Lufeyo saopa njoka. Ng'ombe yolusa amaigwira nyanga anthu akuthawa. Koma atchulireni apongozi awo, muona mwamuna wamkulu akusowa poika manja.

Lachiwiri lapitali ndinali kwathu, kupitirira Lisasadzi, m'mphepete mwa mtsinje wa Bua. Achimwenewo ndinawapeza kudimba akuthirira nazale ya fodya. Mabedi asanu ndi limodzi, mbande zobiriwira bwino, zongodikira mvula kuti akaziwokere kumunda. Kumwamba kunalibe ndi kamtambo komwe. Bua naye anali ataphwa, madzi olekeza m'mawondo, mbuzi zikuyenda pamchenga pakati pa mtsinje.

Inu a m'tauni ndikuuzeni: mbande ndiye fodya wa chaka chonse. Zikawonongeka mwezi uno wa Novembala, kufesa zina n'kuchedwa. Chaka chimenecho m'chigafa mwako, moyanikira fodya muja, mumangogona nkhuku.

Tili mkati mocheza, foni yawo inalira pachitsa. Anaiyang'ana, n'kuibweza msangamsanga ngati yawaotcha.

"Ndani?" ndinafunsa.

"Amayi a kwa Nabanda."

A Nabanda ndi akazi awo, alamu anga. Kwawo n'kumtunda, cha ku Mchinji, ndipo tsikulo anali kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, foni atazimitsa. Tsono mwambo wathu mukuudziwa. Mkamwini sacheza ndi apongozi ake aakazi. Akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Achimwene ausunga mwambowu zaka makumi awiri, ndipo foni itabwera anangoiwonjezera pa mwambo womwewo.

Inaliranso kachiwiri. Kachitatu.

"Yankhanitu, achimwene."

"Iwe, ndiyambe lero? Ndikanena kuti halo, kenako ndinene chiyani? Akufuna mwana wawo amenewo."

Italira kachinayi ndinaitola ndine. Mwambowo sundikhudza, komanso ine foni ikamalira osayankhidwa mutu umandiwawa.

"Ndani ameneyo? Oo, ndinu alamu ake a Nabanda? Mwachita bwino, mayi. Auzeni bambo a kunyumbako kuti madzi adutsa kuno m'mawa uno. Kumapiri mvula yagwa masiku awiri osakata. Kamlatho kathu ka mitengo kapita. Ngati ali ndi kanthu kumtsinje, achotse lero lomwe, asadikire mawa."

Nditawafotokozera, achimwene anayang'ana kumwamba n'kuseka. "Mvula yake iti? Dzuwa lonseli?"

Kenako kuseka kunatha. "Anena okha zimenezi?"

"Okha."

"Ndiye thamanga ukaitane anthu."

Ndinene zoona, sindikhulupirira kuti anaopa madzi. Anaopa kuti zidzamveka ku Mchinji kuti apongozi analankhula, mkamwini n'kunyozera.

Ntchito tinaigwira tsiku limenelo, abale inu! Anthu anabwera ndi madengu, mabeseni, wina ndi ngolo. Ena kuzula mbande, ena kutunga madzi m'migolo, ena kumunda kuwokera pouma, phando lililonse kapu ya madzi. Mwayi wake mizere inali yokonzeka kale. Azimayi anayambitsa nyimbo yonyogodola achimwene, yonena za mwamuna wothawa foni, ndipo eni akewo ankavomera nawo thukuta lili kamukamu. Ine amene ndinazolowera cholembera, msana unandikumbutsa kuti ndinabadwira kumudzi. Koma ndinasangalala kwambiri. Ndinali nditaiwala kukoma kwa ntchito ya anthu ambiri.

Ena ankang'ung'udza ndithu. Bambo wina anati, "Tikuthawa madzi fumbi likutilowa m'maso. Akamva a tsidya atiseka."

Dzuwa polowa tinali titapulumutsa mabedi asanu.

M'mawa mwake, tikumwa tiyi, tinamva mkokomo. Kumwamba kuli mbee, koma Bua anabwera wofiira, atasenza mapesi, nthochi zathunthu ndi chitseko cha munthu wina. Tisanamalize n'komwe kudabwa, pamene panali nazale panali madzi okhaokha. Bedi lotsala lija linapita. Bambo wong'ung'udza uja anangoti, "Ha!" n'kukhala pansi.

Kuyambira tsikulo funso limodzi likundisowetsa mtendere. Kodi mtsinje umene timamwa timaudziwa?

Kusukulu tinaloweza mitsinje ya maiko akutali, mpaka kukwapulidwa tikaphonya dzina. Koma funsani munthu wa kwathu kuti Bua amachokera kuti. Akulozerani ndi mlomo: "Uko." Amapita kuti? "Uko." Kwa ife Bua amayambira padooko pathu n'kuthera pamene pamakhota, paja pali mkuyu.

Chonsecho ndi mtsinje wa ulendo wautali. Umabadwira kumapiri a ku Mchinji, kufupi ndi malire a Zambia. Umatola mtsinje wa Namitete, umatola wa Rusa, umayenda mwaulesi m'madambo a chigwa chathu chino, n'kumatilekanitsa ndi anzathu a ku Dowa ndi ku Ntchisi. Ukatisiya umatsetserekera m'nkhalango ya ku Nkhotakota, komwe njovu zimamwa, mpaka kukathira m'nyanja. Nsomba ya mpasa, imene a kunyanja amainyadira, imakwera mtsinje womwewu kukaswana. Makolo athu ankaudziwa bwino kuposa ife, poti ankayenda pansi, ndipo popita kunyanja ankadziwa pamene angawolokere ndi pamene pali ng'ona.

Ife tili ndi mafoni m'matumba, koma mtsinje tinaudula zidutswazidutswa, aliyense kachigawo kake. Wa kumtunda akadula mitengo ya m'mbali kuti amangire chigafa, mchenga umakakwirira dimba la munthu amene sadzamuona. Ife tikatsukira mankhwala a fodya m'madzi, amamwa ndi mwana wa wina kumunsi. Sikuti ndife oipa mtima. Sitidziwana chabe.

Achimwene anapulumuka chifukwa zaka makumi awiri zapitazo anakafunsira mbeta kumtunda kwa mtsinje. Akanakwatira tsidya la msewu, lero bwenzi tikulira.

Tsono panatsala ntchito yovuta kuposa kuzula mbande: kuthokoza. A Nabanda anakana kuwalankhulira. "Mbande ndi zanu, bambo. Imbani nokha."

Anthu tonse tili pamtunda kuonerera madzi, achimwene anavula chipewa. Anapita kuseri kwa mtengo wa mango, ananjuta, nafulatira kumadzulo kumene kuli Mchinji, ngati apongoziwo angawaone pafoni. Poimbapo, ndi manthawo, anadina mwangozi pokwezera mawu a foni, ndiye tonse tinamva.

"Amayi, ndine... ndife kuno. Timati tithokoze. Mbande zapulumuka."

"Tithokoze Mulungu, bambo. Nanga inuyo mwawauza a kumunsi?"

Kuseka konse kunathera pomwepo. Tinayang'anana. Tsiku lathunthu tinkadziwa kuti madzi akubwera, tinaimba nyimbo, tinadya, tinagona, osaganizako kuti kumunsi kwathu kulinso anthu ndi nazale zawo. Manyazi amene ndinamva sindidzawaiwala.

Anatiwombola ndi a Saidi, a golosale ya pamsika, amene anabwera kudzaona madzi. "Mng'ono wanga amalima cha ku Malomo," anatero akufufuza nambala. Anaimba. Kumeneko madzi anali asanafike, ndipo tinamva mng'ono wawoyo akukuwira anzake asanadule n'komwe foni. Azimayi a m'mudzi anaimba nthungululu, achimwene akadali chinjutire kuseri kwa mango, osadziwa kuti atsanzike bwanji.

Inu owerenga, mtsinje wa kwanu ukadzadza lero dzuwa likuswa mtengo, ndani kumtunda angakuimbireni? Nanga inuyo, kumunsi muli ndi nambala ya ndani?