Chimbale chimene amayi anakwecha ndi phulusa

Ndikukumbukira m'mawa umene ndinapeza amayi atakhala pakhonde, chimbale cha gemu chili kudzanja ili, chitsononkho chonyowa kudzanja linalo, phulusa lili m'kambale pambali pawo.

Chinali chaka cha chisankho chachiwiri cha matipate. Tinkakhala kwawo kwa bambo, kuseri kwa Malomo, amayi ali pachitengwa, bambowo ali ku esiteti ya fodya ku Kasungu. Azakhali anga, a Nabanda, sankawafuna amayi ngakhale pang'ono. Mbale ikasweka kapena nkhuku ikasowa, ankayankhulira m'mwamba kuti njira ya kwawo kwa mkazi wachitengwa simera udzu. Ankangodikira chifukwa chimodzi chachikulu kuti amayi amange katundu, ndipo wotiikira kumbuyo panalibe.

Bambo aang'ono, a Lemekezani, anabwera kuchokera ku Joni ndi makina a gemu olumikiza ku TV. Ankawayatsa ndi batire la galimoto kuseri kwa golosale ya Che Jafali, ndipo anyamata olipira kuti asewere ankadzazana mpaka pazenera. Chimbale chinali chimodzi chokha, cha kamunthu kothamanga m'nkhalango, ndipo sopo ndi mchere wa banja lonse zinkachokera pamenepo. Poopa kuti chidzatha, anapangana ndi aphunzitsi a Chimkono a kusekondale ya mishoni, amene anali ndi kompyuta yokopera zimbale. Tsikulo anachisiya kwathu kuti ine ndikapereke, iwo n'kupita kokatchajitsa batire.

Zimbale za makina amenewo zinali zakuda kunsi, chipangidwire. Amayi anali asanachionepo chotere. Anayesa mwaye, ndipo sakanalola kuti chinthu cha alamu awo chituluke m'nyumba mwawo chili chakuda, a Nabanda apezepo nyimbo. Anachikwecha mozungulira, ndi mtima wonse, monga ankachitira ndi mapoto awo.

"Mwayewu sukuchoka," anatero osadzutsa mutu.

"Amayi, si mwaye. Chinabwera choncho."

Anachipendeketsa padzuwa. Mizere inali mbwee, yozungulirazungulira. Anabereka kumbuyo mwana wawo wakhanda, anakulunga chimbalecho mu mpango, tinauyatsa ulendo wokwera phiri, mphepo ya mwera ikutimenya kumaso.

A Chimkono anachiyang'ana nthawi yaitali pazenera. Anafotokoza kuti makina amawerenga chimbale mozungulira, ndiye mzere wodutsa kuchokera pakati kupita kumphepete amaulumpha, koma wozungulira umafafaniza zambiri zotsatizana. Anapaka mankhwala otsukira mano, n'kumapukuta pang'onopang'ono ndi kansalu. Kenako analiza jenereta, natichenjeza kuti mafuta atsala ochepa. Anati kope labwino ndi limene kompyuta yawerenga chilichonse osasiya kanthu, lofanana ndendende ndi loyambalo.

Pagalasi la kompyuta panatuluka kamzere kobiriwira kamene kankakula pang'onopang'ono. M'chipindamo munkanunkha petulo ndi choko. Amayi anakana mpando, anakhala pansi pafupi ndi chitseko, maso ali pa kamzereko ngakhale kuti sankadziwa kuwerenga. Kakayenda, ankapuma. Kakaima, makina n'kumalira tcheketcheke, ankagwira phazi la mwana kumbuyoko mwamphamvu mpaka mwanayo kudandaula. Ine ndinkapemphera chamumtima, mapemphero osokonekera, ena a pa chakudya.

Katatsala pang'ono kufika kumapeto, kanaima osasunthanso. Aphunzitsi anatulutsa chimbale, anapukutanso, anayambiranso. Kanaimanso pomwepo. Jenereta inayamba kutsokomola.

"Mayi, apa pafafanizika," anatero a Chimkono. "Ndingathe kulumpha malo amenewa. Chimbale chituluka, gemu iyamba bwinobwino, koma penapake idzaima. Musakanene kuti n'chathunthu."

"Lumphani, aphunzitsi," anatero amayi. "Zotsalazo ndikaziona ndekha."

Titafika pamudzi masana, tinapeza a Lemekezani akutidikira pansi pa mtengo wa mango, a Nabanda ali pambali akusola mtedza. Amayi anagwada, anapereka zimbale zonse ziwiri, chakale chili pamwamba, mbali yokwechedwayo ikuonekera.

"Alamu," anayamba motero.

A Lemekezani anakweza dzanja kuti aime. Anayang'ana mizere ija, anayendetsapo chala, kenako anayang'ana amayi. Aliyense amene anakulira pamudzi akanadziwa dzanja limene limasiya mizere yotero. A Nabanda anasiya mtedza, anasendera pafupi.

"Chatani chimbalecho? Wachiononga ndani?"

"Palibe, achemwali. Zimbalezi zikakalamba zimatero," anayankha a Lemekezani, n'kuchiponya m'thumba la jekete. "N'chifukwa chake ndimafuna china."

Chakalecho sichinagwirenso ntchito. Chatsopano chinkayenda bwino mpaka pamene kamunthu kankafika pa mlatho wa zingwe, n'kuuma pomwepo mwendo uli m'mwamba. A Lemekezani ankauza anyamata kuti gemu imathera pamenepo. Amene anawolokapo kale ankatsutsa, ena anatopa nazo, ndipo pofika dzinja kuseri kwa golosale kunali zii. Makina anagulitsidwa, iwo anabwerera ku ulimi wa fodya umene ankadana nawo. Sanatchulepo nkhaniyi kwa munthu, ngakhale atamwa.

Masiku ano mwana wanga amatolera zimbale zakale zotere n'kumazikopera kuti zisatayike. Amazigwira m'mphepete ngati dzira, ndipo kope likasiyana ndi loyamba ngakhale pang'ono, amalitaya n'kuyambiranso. Amati kope lopereweza lilibe ntchito. Ine sindimutsutsa, ntchito yake amaidziwa. Koma lathu loperewezalo linagwira ntchito yake. Amayi anakalambira pamudzi pomwepo, ndipo a Nabanda atadwala matenda awo omaliza, amene ankawasambitsa anali amayi.